Tisanagule Njinga, Tiyambe Takhala Pansi

Malemba owerenga: Luka 14:28–30, Luka 16:10–12, Miyambo 22:7

Kwa Mwase ku Kasungu, mabanja ambiri amagwira ndalama yooneka kamodzi pachaka. Msika wa fodya ukatsegulidwa ku Chinkhoma, mtedza ndi soya n'kuyamba kutuluka m'minda, eni masitolo pa boma amandandalika njinga zatsopano pakhonde, zina zikadali m'mapulasitiki. Mpingo wathu sulimbikitsa ulimi wa fodya, koma nyengo imeneyi imatikhudza tonse. Ndi nthawi imene mkulu wa mpingo woyang'anira magulu akutali, mayi wa Dorika wogulitsa tomato, ngakhale wophunzira amene wasunga kangachepe pa holide, amayamba kuganiza zogula njinga yakeyake. Akalakwitsa pogula, adikira chaka chathunthu kuti akonze cholakwacho, ndipo mwina fizi ya mwana ndi feteleza zapita nazo limodzi. N'chifukwa chake nkhani ya njinga tikuiika m'gulu la maphunziro a ukapitawo.

Zimene zinachitika ku Battle Creek

Njinga ya mawilo awiri ofanana, yoyendera tcheni, inatchuka kuyambira mu 1885 pamene John Kemp Starley wa ku England anatulutsa njinga yotchedwa Rover. Mu 1888 John Boyd Dunlop anabweretsa tayala lopopa mpweya, ndipo patangopita zaka zochepa anthu a ku America anapenga nazo njinga. Mtengo wa imodzi unkafanana ndi malipiro a miyezi ingapo a munthu wamba, komanso dzikolo linali pa mavuto a zachuma amene anayamba mu 1893.

Chimfinechi chinalowanso ku Battle Creek, kumene kunali likulu la mpingo wathu. Mu 1894 Mayi Ellen G. White, ali ku Australia, analembera abale a kumeneko kalata yowadzudzula, imene pambuyo pake inasindikizidwa m'buku lachisanu ndi chitatu la Testimonies for the Church. Chimene chinawawawa mtima n'chakuti abale ankathira ndalama zambiri pa chinthu chodzionetsera ndi chopikisana nacho, pamene ntchito ya uthenga m'maiko akutali inkasowa thandizo.

Ena akamva zimenezi amafunsa ngati kukwera njinga kuli tchimo. Ayi. Mitengo itatsika, njinga inasanduka chida cha munthu wosauka, ndipo abusa, aphunzitsi ndi alaliki ogulitsa mabuku ayenda nayo m'midzi ya kuno kwathu kwa zaka zambiri. Chimene chinadzudzulidwa ndi mtima wogulira ndi kukula kwa ndalama poyerekeza ndi zosowa zina. Mafunso a mu 1894 akadali amoyo: ndikuigulira chiyani, ndipo chisowe ndi chiyani pakhomo ndikaigula?

Idzagwira ntchito yanji?

Pa Luka 14 Yesu akunena za munthu wofuna kumanga nsanja, amene ayenera kuwerengera kaye zonse asanakumbe maziko, kuopa kusekedwa ntchito ikaima pakati. Kuwerengera kwathu kuyambe ndi ntchito ya njingayo ndi msewu umene idzayendemo, mtengo ubwere pambuyo.

Dera la Kasungu ndi lachigwa, zitunda zake n'zosavuta. Mdani wa njinga kuno ndi mchenga m'chilimwe, matope a m'madambo m'dzinja, fumbi ndi katundu wolemera. Munthu wapansi amayenda makilomita pafupifupi 5 pa ola, ndiye ulendo wa makilomita 15 wopita kuchipatala kapena kuchigayo umamudyera maola atatu. Pa njinga yabwino ulendo womwewo ndi wa ola limodzi ndi mphindi zochepa.

Njinga zimene timazipeza zili m'magulu atatu. Loyamba ndi la njinga zakuda zija za mawilo a mainchesi 28 ndi mabuleki a zitsulo, monga Hero ndi Avon za ku India kapena Phoenix ya ku China. Ubwino wake ndi wakuti wokonza njinga aliyense pansi pa mtengo amazidziwa, ndipo zipangizo zake zimapezeka pa misika ya m'midzi. Kuipa kwake, zambiri zimabwera ndi masipoko ofooka ndi kaliyala wopepuka, moti eni kabaza amayamba asintha zimenezi asananyamule munthu.

Lachiwiri ndi la Buffalo, yopangidwa ndi bungwe la World Bicycle Relief limene linayamba mu 2005. Inakonzedwera misewu yafumbi, kaliyala wake amanyamula makilogalamu 100, ndiwo matumba awiri a chimanga, ndipo mtundu wake wodziwika kwambiri umaima ukapalasa chobwerera. Ndi yolemera, ndi yokwera mtengo, ndipo zipangizo zina zimafuna kwa ogulitsa ake enieni.

Lachitatu ndi la njinga za magiya. Yabwino imathandiza woyenda mtunda wautali wopanda katundu, monga mphunzitsi kapena wophunzira. Koma zotchipa zonyezimira, za masipuling'i kutsogolo ndi pakati, sizichedwa kugwedera. Mchenga ukalowa m'magiya tcheni chimayamba kudumpha, ndipo zambiri zilibe pomangira kaliyala wolimba. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Amayi ovala chitenje kapena siketi, ndiponso achikulire amene mwendo suthanso kukwera m'mwamba, afunse njinga yopanda chitsulo chopingasa pakati. Palibe chamanyazi bambo kukwera yoteroyo ngati ndi imene banja lonse lingagwiritse ntchito.

Tikafika pa sitolo

Safunsa anadya phula. Tisanalowe m'sitolo, tiyambe tacheza ndi wokonza njinga wa kwathu, chifukwa iyeyo ndiye amadziwa mitundu imene imabwera kwa iye yothyoka foloko mwezi uliwonse. Ngati n'kotheka tipite naye, timulipire tsiku lake.

Choyamba ndi msinkhu. Tiime njinga ili pakati pa miyendo, mapazi onse ali pansi. Pakhale mpata wa zala ziwiri kapena zitatu pakati pa thupi ndi chitsulo chopingasa. Tikakhala pa chishalo, chidendene chili pa pedulo imene ili pansi, mwendo uwongoke. Chishalo chotsika kwambiri chimapweteketsa mawondo, chokwera kwambiri chimapweteketsa chiuno.

Kenako tinyamule njinga ndi kuzunguza gudumu lililonse, tione ngati limu silikupita uku ndi uku. Titsine masipoko awiriawiri, onse akhale okungika mofanana. Tigwire buleki yakutsogolo n'kukankha njinga, timve ngati pakhosi sipakugogoda. Tiyang'ane moonetsetsa mmene anawotcherera felemu, makamaka pakhosi ndi pamene pamalowa mapedulo. Njinga zambiri zimafika m'makatoni n'kumangidwa mothamanga, girizi wochepa, manati osalimba. Tipemphe kuiyendetsa pang'ono, ndipo wokana kuti tiiyese watiuza kale kanthu.

Pomaliza titenge lisiti, ndipo nambala ya felemu ilembedwepo. Tiikoperenso m'kope la kunyumba. Njinga ikabedwa, apolisi amafunsa zimenezi. Wina akatitsatsa njinga yooneka yatsopano pa theka la mtengo, wopanda pepala lililonse, tikumbukire kuti wogula chakuba amadyetsa wakubayo, ndipo lamulo lachisanu ndi chitatu silipatula ogula.

Amene sanakwerepo njinga chibadwire asaope kuyamba ali wamkulu. Atsitse chishalo mpaka mapazi afike pansi, achotse mapedulo, aziyenda chodzikankha pa bwalo la sukulu kufikira thupi litazolowera kukhazikika. Akatero abwezeretse mapedulo. Pa msewu wa M1 asafulumirepo.

Mtengo umene sulembedwa pa lisiti

Walira mvula walira matope. Njinga imadya matayala, machubu, tcheni, mafuta ndi ndalama ya wokonza. Pafupifupi zonsezi zimachokera kunja, ndipo ndalama ya kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 zinakwera limodzi ndi katundu wina. Tsiku logula tisiye ndalama ya pampu, loko, belu, nyali, sipanala ndi zomatira chubu. Patatha milungu iwiri kapena itatu tiibwezere kwa wokonza akakunge masipoko ndi manati, pakuti njinga yatsopano imamasuka ikayamba ntchito.

Miyambo 22:7 imachenjeza kuti ngongole imaika munthu pansi pa amene wamukongoza. Tiyerekeze kuti ndalama yaperewera K100,000 ndipo wakatapila akufuna K150,000 pakutha pa mwezi. K50,000 yapamwambayo sinagule ngakhale sipoko imodzi. Kuli bwino kudikira, kusunga ku banki m'khonde, kapena kugula njinga yotsikirapo koma yolimba. Ndondomeko yake ikhale iyi: chakhumi ndi zopereka, chakudya chofika nacho m'miyezi ya njala ya Januwale ndi Febuluwale, fizi, mbewu ndi feteleza, kenako njinga. Ndipo mwamuna ndi mkazi agwirizane, pakuti thukuta la m'munda linali la onse.

Wogula njinga ya kabaza awerengere masiku asanu ndi limodzi, osati asanu ndi awiri. Loweruka m'malo ambiri ndi tsiku la okwera ochuluka. Amene wakongola ndalama akudalira tsikulo wadziikira yekha msampha, ndipo wokongoza akadzafika pakhomo, Sabata ndilo lidzayamba kugulitsidwa.

Njinga ikafika pakhomo

Luka 16:10–12 amatiphunzitsa kuti kukhulupirika kumayesedwa pa zinthu zazing'ono. Tcheni chothira mafuta, matayala opopa bwino ndi njinga yogona m'nyumba ndi mbali ya ukapitawo. Moyo wathu ndi wa amene tamunyamula ndi waukulu koposa. Nyengo ya msika malole odzaza mabelo amachuluka pa M1, ndipo ambiri a ife timabwerera kunyumba kutada tikatseka Sabata. Nyali yoyera kutsogolo, chonyezimira chofiira kumbuyo, chovala chowala ndi kuyenda kumanzere zimawononga ndalama yochepa kuposa tsiku limodzi m'chipatala. Mwana wonyamulidwa pa kaliyala akhale ndi popondera, kuti phazi lisalowe m'masipoko.

Pamudzi njinga siikhala ya munthu mmodzi. Usiku wina mnansi adzagogoda, mkazi wake atayamba kudwala matenda a uchembere, kapena mwana atatentha thupi. Tikonzekeretu mtima wobwereketsa, komanso tigwirizane poyera za amene adzakonze chikawonongeka, kuti chifundo chisabale udani mu mpingo. Njinga imene abale a ku Battle Creek anadzudzulidwa nayo inali yoonetsa mwini wake. Imene tikufuna ife ndi yofikitsa wodwala kuchipatala, thumba kuchigayo ndi mlaliki ku kagulu kakutali.

Mafunso okambirana

1. Masiku ano ndi zinthu ziti zimene zatenga malo a njinga ya mu 1894 pakati pa ife ophunzira? Tingadziwe bwanji kuti tagula chida kapena chodzionetsera?

2. Banja lagulitsa soya, ndipo ndalama ingakwanire njinga kapena fizi ya teremu, osati zonse ziwiri. Sukulu ili pa mtunda wa makilomita 10. Tingalilangize chiyani, ndipo chifukwa chiyani?

3. Mnyamata wobatizidwa kumene akufuna kuyamba kabaza ndi ndalama yangongole. Timuthandize bwanji kuwerengera asanasaine?

4. Kodi mpingo wathu ungakhale ndi njinga yothandiza odwala ndi oyendera magulu? Angaisunge ndani, ndipo ndalama yokonzera ingachokere kuti?