Liwu Limodzi, Matanthauzo Anayi

Pa tchuthi cha mwezi wa Ogasiti ndidapita kwa amalume ku Senga Bay, m'boma la Salima. Inali nyengo ya mwera. Ndikuvula malaya kuti ndisambire, mzungu wina adandichenjeza za "current". Ine, mnyamata wa Folomu 3, ndidayamba kuyang'ana mawaya a magetsi m'mwamba! Amalume, amene ndi msodzi, adandigwira mkono nati, "Mphwanga, akunena madzi okoka apansiwa. Angakutengere pakuya."

Nditabwerera ku seminale, abambo amene amatiphunzitsa Chilatini adandimasulira bwino. Liwuli lidachokera ku "currere", kutanthauza kuthamanga. Tsono "current" ndi:

1. madzi oyenda m'nyanja kapena mumtsinje;
2. mphamvu ya magetsi yoyenda m'waya;
3. zochitika za masiku ano, monga "current affairs";
4. "current account" ya kubanki, momwe ndalama zimalowa ndi kutuluka kawirikawiri.

Mwaona? Zonsezi ndi zinthu zoyenda.

Anzanga, tisamaloweze tanthauzo loyamba lokha n'kutseka dikishonale. Tiziyamba taona malo amene liwulo lanenedwa. Pakadapanda amalume, bwenzi tanthauzo limodzi lija litandimiza.