Ka injini konyambita moto: nkhani yagona pa valavu

Anzanga, m'kalasi timamva kuti mpweya ukatentha umafutukuka, ukazizira umakhwinyata. Pali ka injini komwe kamayenda ndi mfundo imeneyi basi. Pachingerezi amakatcha flame licker chifukwa kamaoneka ngati kakunyambita lawi.

Kumutu kwa silinda kumakhala kabowo, ndipo pafupi pake mumayatsa kanyali ka sipiliti. Pisitoni ikamabwerera kunja imakoka mpweya wotentha wa lawilo. Kenako valavu imatseka kabowo kaja. Mpweya uja ukakhudza chitsulo umazizira, mphamvu yake mkatimo n'kuchepa. Apa mpweya wakunja, womwe umapanikiza pafupifupi kilogalamu imodzi pa sikweya sentimita iliyonse, umakankha pisitoni kubwerera mkati. Eti ntchito yonse akugwira ndi mpweya womwe tikupumawu! Thomas Newcomen wa ku England anagwiritsa ntchito nzeru yofananayo mu 1712, koma iye ankaziziritsa nthunzi.

Ndiye valavu itseke liti? Gudumu likazungulira kamodzi ndi madigiri 360: 180 pisitoni ikutuluka, 180 ikulowa. Valavu iyenera kutseka pisitoni itatsala pang'ono kufika kumapeto kotulukira. Mukaitseka msanga kwambiri, moto wolowa umachepa, komanso pisitoni imalimbana ndi mpweya wakunja isanamalize ulendo wake. Mukachedwetsa, pisitoni imayamba kubwerera bowo lili pululu, mpweya wotentha n'kuthawa. Kainjini kamangogwedera kawiri, zii.

Kutsegula nakonso n'kofunika. Pisitoni ikalowa ndithu, mphamvu ya mkati imafanana ndi yakunja. Valavu itseguke pomwepo, apo ayi pisitoni iyamba kufinya mpweya wotsala ndipo gudumu lifooka. N'chifukwa chake ena amapanga valavu yopyapyala kwambiri kuti mpweyawo uzingoikankha wokha.

Chomwe chimalamula zonsezi ndi cam, kachitsulo kotupa mbali imodzi komangidwa pa shafiti ya gudumu. Ine ndikuona kuti ndi bwino kuimanga ndi sikuluwu, osawotcherera, kuti muziisuntha. Dulani katoni yozungulira, lembanipo madigiri ndi protractor, muimate pagudumu. Sunthani cam madigiri 5 okha, yesani, lembani zotsatira m'kope, sunthaninso.

Musanaimbe mlandu valavu, yambani mwafunditsa silinda. Sipiliti akamayaka amatulutsa nthunzi, ndipo pachitsulo chozizira nthunziyo imasanduka madzi omata pisitoni. Oyilo wolemera nayenso amamata. Ufa wa mtima wa pensulo umatereretsa bwino. Za sipiliti ndi machesi, muchite aphunzitsi alipo.