Bondo la opaleshoni: kodi lingadukenso?

Kalata yoyamba lero yachokera kwa mayi wina wa ku Zomba. Akuti: "Adokotala, mwana wanga wamkazi wa zaka 17 amasewera mpira wa manja. Anaduka mtsempha wa m'bondo lakumanzere, ndipo patha miyezi 6 chimuchitireni opaleshoni. Anzake akuti atsikana sachedwa kudukanso. Kodi n'zoona?"

Zikomo mayi, ndipo pepani ndi matendawo. Mtsemphawo madokotala amautcha ACL. Uli mkatikati mwa bondo, ndipo ndiwo umagwira mafupa kuti asaterereke munthu akatera kapena akakhota mwadzidzidzi. Pa kuvulala koyamba anzakewo sakunama: m'masewera odumpha ndi kukhotakhota, atsikana amaduka mtsemphawu kuwirikiza kawiri kapena kuposa anyamata.

Koma kachiwiri nkhani imasintha. Kafukufuku wa ku Melbourne wa mu 2016 anapeza kuti amene amadula kwambiri mtsempha woikidwa pa opaleshoni uja ndi anyamata osakwana zaka 18. Kwa atsikana, ofufuza a ku Cincinnati anaona mu 2014 kuti bondo lovulala kawirikawiri linali linalo, limene aliyense akuliyesa labwinobwino. Megan Rapinoe, wosewera mpira wa miyendo wa ku America, zinamugwera zonse ziwiri: lakumanzere mu 2006 ndi 2007, kenako lakumanja mu 2015.

Chifukwa chake n'chomveka. Miyezi yonseyi mwana wanu wakhala akudalira mwendo wakumanja, ndipo akadumpha amaunjika thupi lonse pa iwo osadziwa. Komanso chimene chinadula loyamba sichinachoke ndi opaleshoni ayi. Kateredwe kopindira bondo mkati ndi kufooka kwa minofu ya m'chiuno ndi yakuseri kwa ntchafu zili m'miyendo yonse iwiri. Madzulo ano mumuimike pa sitepe ya khonde, atsike pang'onopang'ono ataima ndi mwendo umodzi, inu muli kutsogolo kwake. Bondo liziloza kumene zala zaloza. Mukaona likugwera mkati, chiuno n'kupendekeka, mukawauze a fiziyo (akatswiri olimbitsa ziwalo kuchipatala), ndipo muwapemphe kuti azilimbitsa miyendo yonse. Zimandipweteka ndikaona mtsikana wapirira chaka chathunthu, n'kubweranso pa ndodo chifukwa cha bondo limene palibe analiyang'ana.

Kalata ina ndi ya mphunzitsi wa timu ya anyamata ku Lilongwe. Akuti: "Wosewera wanga akuti sakumvanso ululu, patha miyezi 7 chimuchitireni opaleshoni ya mtsempha wa m'bondo, ndipo mwezi wamawa tili ndi mpikisano. Ndimulowetse?"

Ayi bambo, musamulowetse. Ululu umatha msanga, koma mtsempha woikidwawo umakhwima mochedwa. Anyamata ndiwo amathamangira kubwalo akangomva kuti mwendo wapepuka, ndipo mwa achinyamata osakwana zaka 25 amene amabwerera m'masewera, pafupifupi mmodzi mwa anayi aliwonse amavulalanso. Ofufuza a ku Oslo ndi Delaware anapeza mu 2016 kuti mwezi uliwonse umene wosewera wadikira, mpaka kufika pa miyezi 9, umachepetsa chiopsezo pafupifupi ndi theka. Komabe miyezi payokha siikwanira: mphamvu za ntchafu ya mwendo wovulala zifike 90 peresenti ya mwendo winawo, ndipo a fiziyo amuyese kudumpha ndi mwendo umodzi.

Mumukumbutse za Mwai Kumwenda, katswiri wa mpira wa manja. Anaduka mtsempha womwewu mu 2018 akusewerera Melbourne Vixens, anabwerera mu 2019, ndipo mu 2020 anasankhidwa wosewera bwino koposa pa masewera a ndime yomaliza amene timu yake inatenga chikho.

Pakadali pano, yambitsani timu yonse masewera otenthetsa thupi a FIFA 11+, a mphindi 20 zokha, kawiri pa sabata kapena kuposa. Mnyamatayo azichita nawo zimene a fiziyo amuloleza, koma mpikisano wa mwezi wamawa auonerere ali pa benchi.