Phunziro: Mmene Tingawerengere Ndakatulo Zazitali za Ngwazi

Ana inu, ikani zolembera pansi kaye. Lero ndikufuna makutu anu.

Pali mtundu wa ndakatulo umene ambiri mumauthawa mukangoona kunenepa kwa buku lake. Ndi ndakatulo yaitali yosimba za ngwazi: mkwiyo wake, nkhondo zake, adani ake, ngakhale imfa yake. Yotchuka kwambiri ndi Iliad ya Agiriki, imene amati anaipeka Homer zaka zoposa 2,600 zapitazo. Ili ndi mizere yopitirira 15,000, m'zigawo 24. Musagwe nazo mphwayi. Mayi wothyola tiyi kuno ku Makwasa sakhala pansi chifukwa munda wakula. Amalowa mumzere wake, nsonga ndi masamba awiri, mpaka dengu lidzadze. Nanunso muzitenga chigawo chimodzi patsiku.

Koma chachikulu n'chakuti muziwerenga mokweza mawu. Ndakatulo zimenezi zinabadwira pakamwa, pepala linazipeza zili kale ndi moyo. Pakati pa 1933 ndi 1935, katswiri wina wa ku America, Milman Parry, anapita ku Yugoslavia kukajambula mawu a oimba akumidzi, ambiri osadziwa kulemba. Ankaimba nkhani za nkhondo zamakedzana akuliza chipangizo cha chingwe chimodzi chonga kaligo wathu. Mmodzi wa iwo, Avdo Međedović, anaimba nyimbo ya mizere yoposa 12,000. Anaisunga bwanji m'mutu? Sanailoweze ngati vesi la pa Sabata. Anali ndi nkhokwe ya mawu obwerezabwereza, ndipo ankaimanga nyimboyo pomwe akuimbapo. N'chifukwa chake mu Iliad, ngwazi yake Achilles akatchulidwa, kawirikawiri amabwera ndi dzina lomutamanda pa liwiro la miyendo yake, ngakhale pamene wakhala phee mumsasa. Wowerenga chamumtima amati wolembayo wasowa mawu. Womvetsera amadziwa kuti pamenepo woimba akupuma, omvera akupumanso, monga timachitira ndi "tili tonse" pa nthano.

Chachiwiri, funsani kuti mtima wa nkhaniyo uli pati. Ambiri amayesa kuti Iliad ndi mbiri yonse ya nkhondo ya ku Troy. Ayi. Nkhondoyo inatha zaka khumi, koma ndakatuloyi ikusimba milungu yochepa chabe ya m'chaka chomaliza, ndipo nkhani yotchuka ya hatchi yamatabwa imene Agiriki analowera nayo mu Troy mulibemo. Nkhani ndi ya mkwiyo wa munthu mmodzi. Achilles wakangana ndi mfumu Agamemnon, wanyanyala nkhondo, anzake akuphedwa iye ali chikhalire. Bwenzi lake Patroclus ataphedwa ndi Hector, ngwazi ya ku Troy, m'pamene akudzuka, kupha Hector, n'kukoka mtembo wake m'fumbi.

Pano ndipo ndifuna muime nthawi yaitali. Usiku wina nkhalamba Priam, bambo wa Hector, akulowa yekha mumsasa wa mdani, akugwada, akupsompsona manja amene anapha mwana wake, kupempha mtembo kuti akaike maliro. Achilles akukumbukira bambo ake omwe, ndipo onse awiri akulira. Inu mwakulira m'midzi mmene maliro amaimitsa ntchito ndi milandu yomwe. Palibe amene angakuuzeni kulemera kwa pempho limenelo. Ine ndimaona kuti mizere yonse ija inalipo kuti itifikitse pamsasa umenewu, ndipo wodumpha masamba sangamve ululu wake.

Musaganize kuti zoterezi n'za Azungu okha. Ku Mali kuli mbiri ya Sundiata, mwana amene anachedwa kuyenda koma anadzakhazikitsa ufumu waukulu m'zaka za m'ma 1200. D. T. Niane anaisindikiza mu 1960 ataimva kwa woimba mbiri, Mamadou Kouyaté. Mazisi Kunene wa ku South Africa analemba ya Shaka m'Chizulu, n'kuitulutsa m'Chingerezi mu 1979.

Nanga kwathu kuno? Mishoni ya Malamulo inayamba mu 1902, ndipo mabuku anafika nayo. Koma tsikani ndi msewu wa ku Thekerani mpaka kuchigwa cha Shire, mukapeza nkhani yakale kuposa mabukuwo, ya Mbona wa Amang'anja. Mnyamatayu anavina mvula n'kugwa pamene akuluakulu analephera. Nsanje inabuka, iye anathawira kummwera, akusiya zizindikiro pamiyala. Omulondola atamupeza, mikondo inakanika kumulasa, mpaka iye mwini anawaululira chinthu chofewa chimene chikanamupha. Magazi ake anayenda ngati mtsinje, mutu wake anauika ku Khulubvi, m'boma la Nsanje, kumene kachisi wake alipo mpaka lero. Ena amati mdani wake anali malume ake Mlauli, ena amaloza chala mfumu Lundu. Kusiyana kumeneku si bodza. Wosimba aliyense amaumba nkhani molingana ndi omvera ake, monga ankachitira oimba aja a ku Yugoslavia. Bambo Matthew Schoffeleers anasonkhanitsa masimbidwe angapo m'buku la River of Blood la mu 1992, ndipo Steve Chimombo anapangapo sewero la The Rainmaker. Chimene chimandiwawa n'chakuti mwana wa ku Thyolo angathe kumaliza Fomu 4 asanamvepo nkhaniyi kuchokera pakamwa pa munthu.

Ntchito yanu nayi. Pitani kwa agogo kapena munthu wamkulu aliyense wodziwa za Mbona, kapena za ngwazi ina ya mtundu wanu. Alhomwe muli muno, funsani za ulendo wa makolo anu kuchokera ku Mozambique. Khalani pansi mwaulemu, musawadule mawu. Mukabwerera kunyumba lembani mawu amene anawabwereza koposa kamodzi, ndi malo amene anatsitsa kapena kukweza mawu. Lolemba aliyense adzasimba yake ataimirira kutsogolo kuno, kope lili chitsekere.