PHUNZIRO: KUPIMITSA SHUGA NDI BP KU FAMASE

Matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi, komwe timati BP, amalowa m'thupi mwakachetechete. Munthu akhoza kumalima ndi kuphika wosamva kupweteka paliponse, pomwe mtima, impso ndi maso zikuwonongeka. Kafukufuku wa STEPS wa mu 2009 adapeza kuti ku Malawi pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu a zaka 25 mpaka 64 adali ndi BP yokwera, ndipo ambiri sankadziwa.

Kodi famase ingatithandize bwanji?

Katswiri wa mankhwala sangogulitsa mapiritsi ayi. M'mafamase ena a m'tauni mumapimidwa BP ndi shuga mwachangu.

1. BP: Khalani pansi mupumule mphindi zisanu asanakupimeni. Ikafika 140/90 kapena kuposa, mupimitsenso tsiku lina. Ikakhalabe yokwera, pitani kuchipatala.

2. Shuga: Amabaya chala ndi kutenga kadontho ka magazi. Ngati mwakhala maola 8 osadya ndipo nambala yafika 7.0 mmol/L, muyenera kuwonana ndi dokotala.

3. Uphungu: Akufotokozerani kamwedwe ka mankhwala ndi zakudya zoyenera. Mchere usapose kasupuni kamodzi ka tiyi patsiku, ndiye kuti magalamu 5.

Dziwani kuti wa famase amangowunikira. Wotsimikiza matenda ndi kulemba mankhwala ndi dokotala kapena kilinikolo ofesala. Gulani m'mafamase ovomerezedwa ndi bungwe la PMRA, osati pa msika.

Ndani apimitse msanga?

Amene apitirira zaka 40, onenepa pamimba, amene makolo awo adadwalapo shuga kapena sitiroko, ndiponso mayi amene adabereka mwana wolemera makilogalamu oposa 4. Ludzu losatha, kukodza pafupipafupi, kuwonda ndi zilonda zosapola msanga ndi zizindikiro zosati tizinyozere.

Amene adayamba mankhwala a BP asasiye pongomva kuti ali bwino, chifukwa BP imakweranso. Koma wina akamva kupweteka pachifuwa, kapena pakamwa papotoka, kapena dzanja lafooka mwadzidzidzi, musataye nthawi ku famase, thamangirani naye kuchipatala.

Mafunso okambirana

1. Ndi angati mwa ife apimitsa BP chaka chino?
2. Tingawalimbikitse bwanji abambo kunyumba kuti nawonso akapimitse?
3. Nanga amayi okalamba a kumudzi, kumene kulibe famase, tiwathandiza motani?

Zochita: Aliyense agule kabuku kolembamo tsiku ndi manambala ake, ndipo akawonetse dokotala.