Okalamba Asasiyidwe Okha ndi Maganizo

Lamulo lachinayi la Mulungu silitha mphamvu makolo akafooka. Nkhalamba yofedwa, imene ana ake anapita kutauni kapena ku Joni, kawirikawiri igwidwa ndi nthenda ya maganizo: isowa tulo, ikana chakudya, nileka kucheza. Ina iyamba kuiwala, kusokera ndi kulankhula yokha. Imeneyi ndi nthenda, si ufiti ayi. Ndipo lamulo la 1911 liletsa kunenera munthu ufiti.

Makolo akale anali nayo njira yotchinjirizira mtima wa wokalamba. Anansi ankagona pa siwa, nalimira wofedwayo munda pa dima. Agogo ankakamba nthano madzulo, kulangiza anamwali ndi kuthandiza kuweruza milandu pabwalo. Pakuti akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Munthu amene aona kuti afunika sataya mtima msanga.

Nzeru yomweyi inaonekanso ku Harare, kumene kuyambira 2006 Dr Dixon Chibanda anaphunzitsa agogo aakazi kukhala pabenchi kuchipatala ndi kumvetsera ovutika maganizo.

Chotero mphunzitsi aliyense alembe maina a okalamba a m'dera lake. Akhristu a mumphakati aziwayendera mlungu ndi mlungu, nawaitane kuti alangize achinyamata. Wodwala aperekezedwe kuchipatala, osati kwa woombeza ula, ndipo Bambo Mfumu adziwitsidwe kuti amubweretsere Ukaristia. Mu 2021 Papa Francis anapatula Lamulungu lachinayi la Julaye kukhala tsiku la agogo ndi okalamba, koma nkhalamba yosungulumwa siingadikire chaka chathunthu kuti imve "Odi!" pakhomo pake.