Yankho kwa bambo a ku Nkando pa za volleyball ya m'mayunivesite

Bambo athu a ku Nkando, kalata yanu yafika. Mwati mnyamata wanu wasankhidwira ku yunivesite ya MUST, ku Thyolo pafupi ndi kwanuko, ndipo volleyball sagona nayo tulo. Asadandaule. Kuno kwathu masewero a ophunzira a m'makoleji ndi m'mayunivesite amayendetsedwa ndi bungwe la TESSAM, ndipo volleyball ilimo. Ku America nakonso ilipo: mpikisano wa anyamata a m'mayunivesite unayamba mu 1970, chikho choyamba chinapita ku UCLA. Masiku ano kumeneko ukangogonja kamodzi, basi longedza. Malamulo ndi omwewo kuno ndi ku America: osewera 6 mbali iliyonse, seti imathera pa mapointi 25 bola musiyane ndi awiri, yachisanu pa 15. Koma bambo, mumugulireko zotchinga m'mawondo. Mabwalo athu ambiri ndi a simenti, akadziponya kupulumutsa mpira amadzuka khungu litasupuka.